Kaliwo Wopanda Utsi ndi Lamulo la Chamba: Mawu kwa Anthu a m'Malire a Mchinji

Pamene mvula yoyamba yagwa, ndipo ana athu amene adapita kukasaka moyo ku Joni ayamba kutsika m'mabasi pa Kamwendo ndi pa Boma, atasenza zikwama zodzala ndi mabulangete, mafoni ndi nsapato za abale, m'matumba a majekete awo mumabisala tinthu tina timene makolo athu sadatione chibadwire. Ndipo mwa timeneti kalipo kamodzi kamene kandikakamiza kugwira cholembera, pakuti ndaona kuti kakusokeretsa anyamata, ndi akuluakulu omwe, pa nkhani ya lamulo. Kanthuko kamafanana ndi kaliwo wa agogo athu, popeza kali ndi kamphika koikamo masamba ouma ndi kamlomo kokokera mpweya, koma m'malo mwa khala la moto kali ndi batire lotchaja ngati la foni, kapena kachitsulo kamene amakawamba pang'ono ndi lawi. Azungu amakatcha vaporizer, achinyamata amangoti vape, ndipo ine m'nkhani ino ndidzakatcha kaliwo wa nthunzi.

Fodya kapena chamba chikapsa ndi moto, monga m'ndudu yopichira kapena m'kaliwo wakale, chimatulutsa utsi, phula lakuda, ndi mpweya woipa uja umene umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Koma kaliwo wa nthunzi sayatsa masamba, amangowafunditsa pa madigiri a pakati pa 180 ndi 210, pamene kupsa kwenikweni kumayamba kupitirira 230, kotero kuti mafuta a m'masambamo amauluka ngati nthunzi ya pa mphika wa nyemba, masambawo n'kutsala ofiirira, osasanduka phulusa. M'nthunzi imeneyo ndimo muli mphamvu yoledzeretsa ya chamba, imene akatswiri amaitchula ndi zilembo zitatu, THC. Fungo limachepa, pakhosi sipakanda kwambiri, odutsa m'njira saona utsi. Ndipo chifukwa cha izi mwini kaliwoyo amadzinyenga kuti wasiyana ndi wosuta, chonsecho mutu wake ukuzungulira chimodzimodzi ndi wa mnzake wopichira m'pepala.

Ine ndidamuona koyamba kaliwoyu m'manja mwa mwana wa mlongo wanga, amene adabwera kudzadya Khirisimasi atatha zaka zitatu ku Johannesburg, ndipo pamene ndidamuitanira kuseri kwa nkhokwe, monga ayenera kuchitira mtsibweni wosafuna kuchititsa manyazi mbumba yake pagulu, iye adanjuta mwaulemu wonse nati, "Atsibweni, musade nkhawa, uku si kusuta ayi, mulibe moto, mulibe utsi, komanso boma lathu lomweli lidavomereza chamba mu 2020, ndipo kumene ndachokerako munthu amakoka m'nyumba mwake apolisi akudutsa pamsewu." Mnyamatayo adanena izi ndi mtima woona, wosafuna kundinamiza, ndipo n'chifukwa chake ndidachita mantha, pakuti m'mawu ake atatu aja, limodzi ndi limodzi, mudali kachoonadi kochepa kamene kadaphimba dzenje lalikulu, monga udzu umene alenje amayala pamwamba pa mbuna.

Tiyambe ndi za utsi, zimene sizichedwetsa. Lamulo lathu loletsa mankhwala oopsa, limene pa Chingerezi limatchedwa Dangerous Drugs Act, lidakhazikitsidwa m'masiku a atsamunda, boma lathu lino la Mchinji likadali kutchedwa Fort Manning, ndipo lilipobe kufikira lero. M'menemo chamba chimatchedwa Indian hemp, ndipo mlandu umene anthu ambiri amamangidwa nawo ndi wopezeka ndi chamba popanda chilolezo. Taonani mawuwo bwino: kupezeka nacho. Woweruza safunsa ngati mudachiyatsa kapena mudachifunditsa, ngati mudachiphika m'ndiwo kapena mudangochisunga pansi pa mphasa. Afunsa chinthu chimodzi, ngati masamba amene adali m'manja mwanu, m'thumba mwanu kapena m'nyumba mwanu ndi chamba, ndipo pofuna kutsimikiza apolisi a m'chigawo chino amatumiza masambawo ku Chitedze kuti akayezedwe. Tsono kaliwo wa nthunzi ali ndi tsoka lakelake limene ndudu ilibe, pakuti ndudu ikatha imasanduka phulusa louluka ndi mphepo, koma iye amasunga masamba ofiirira m'kamphika kake ndi utomoni m'kamlomo kake, kotero kuti chida chimene mwini wake adachigula kuti chimubise ndicho chimaikidwa pa tebulo la bwalo la milandu kukhala umboni womutsutsa.

Za 2020 zifunika kudekha, pakuti apa ndi pamene anthu abwino ambiri aphunthwa. N'zoona kuti kuyambira mu 2015, pamene phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, adadzutsa nkhaniyi m'Nyumba ya Malamulo, ena n'kumawaseka, ndi pamene mbewu ya chamba cha m'mafakitale idayamba kuyesedwa ku Chitedze, boma lidali kufunafuna mbewu ina yoti ithandizane ndi fodya, amene mitengo yake ku okushoni idali kuliritsa alimi chaka ndi chaka; ndipo mu February 2020 aphungu adavomerezadi lamulo latsopano loyendetsera ulimi wa chamba, limene lidabala bungwe lotchedwa Cannabis Regulatory Authority. Koma chimene lamulolo lidatsegula ndi khomo lopapatiza, lokhala ndi mlonda. Lidalola chamba cha mitundu iwiri: cha m'mafakitale, chopangira nsalu, zingwe, mafuta, sopo ndi zina zotere, chimene mphamvu yake yoledzeretsa siyenera kupitirira gawo limodzi pa magawo 100, ndi cha mankhwala ndi kafukufuku, chimene chimalimidwa m'mipanda, pamaso pa oyang'anira, ndi kugulitsidwa kwa okhawo amene ali ndi chilolezo. Kulima, kusunga, kunyamula, kukonza, kugulitsa, kutumiza kunja, zonsezi zimafuna chiphaso chochokera ku bungwelo; ndipo pamene mitengo ya ziphaso idalengezedwa m'chaka chomwecho, cha ulimi wa chamba cha mankhwala chidali madola a ku America 10,000, cha chamba cha m'mafakitale madola 2,000, ndalama zimene mlimi wa mtedza wa ku Mkanda kapena ku Kapiri sangazipeze payekha.

Za kusuta pofuna kusangalala, kapena kukoka nthunzi pofuna kuiwala mavuto, lamulo la 2020 silidasinthe kanthu. M'malo mwake lidaonjezera chikoti, pakuti lidaika chilango chofika zaka 25 m'ndende ndi chindapusa chofika K50 miliyoni kwa wolima, wokonza kapena wogulitsa chamba popanda chiphaso. Ngakhale mu 2024, pamene aphungu adabwereranso ku nkhani ya chamba chathu cha makolo, chija chimene chidatchukitsa Nkhotakota kunja kwa dziko, zokamba zawo zidali za ulimi wa chiphaso ndi malonda obweretsa ndalama zakunja, osati za kumasula ndudu kapena kaliwo. Chotero amene anena kuti boma lidavomereza chamba afanana ndi munthu amene, atamva kuti kuchipatala amasunga mankhwala ogonetsa odwala pa opaleshoni, aganiza kuti iyenso angawagulitse pa msika wa Waliranji.

Ndipo popeza ndatchula alimi, ndiwapatse mawu awo pomwepa. Akabwera munthu m'mudzi mwanu, wovala bwino, wolankhula zokoma, nakuuzani kuti musonkhe ndalama mulowe m'kopaletivi ya chamba, musamukane msanga, pakuti njira ya kopaletivi ndiyo imene alimi ang'onoang'ono angalowere m'ulimiwu; koma mumupemphe akuonetseni chiphasocho ndi maso anu, muone dzina lolembedwapo, malo a munda amene chikulola ndi chaka chake, mufunse mlangizi wa zaulimi wa dera lanu, mutumenso mmodzi wa inu ku likulu la bungwelo ku Lilongwe, umene ndi ulendo wa makilomita oposa pang'ono 100, kukatsimikiza. Alimi ena m'dziko muno adasonkha ndalama zawo m'zaka zoyamba za lamuloli, nalima, nakolola, koma wogula osaoneka. Chiphaso cha kopaletivi sichiphimba mitengo isanu imene mwabzala mwakabisira pakati pa chimanga kudimba, ndiponso sichilola membala kutapako m'zokolola kukaika m'kaliwo wake. Safunsa adadya phula.

Tsopano za ku Joni. Mwana wa mlongo wanga sadaname, pakuti mu September 2018 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidagamula kuti munthu wamkulu asamangidwe chifukwa chosuta, kusunga kapena kulima chamba chake cha iye yekha m'malo ake obisika, ndipo mu 2024 mtsogoleri wa dzikolo adasainira lamulo lolongosola zimenezi. Ku Canada adamasula chamba mu 2018 momwemo, ku Uruguay mu 2013, ndipo n'chifukwa chake akaliwo a nthunzi amagulitsidwa poyera m'masitolo a maiko amenewo ndi pa intaneti. Koma lamulo la dziko lili ngati ulamuliro wa mfumu, umene umalekezera pa mtsinje wa m'malire a mudzi wake. Basi yochoka ku Johannesburg ikangooloka Limpopo pa Beitbridge, ufulu uja watsalira kutsidya. Mu Zimbabwe ndi mlandu, mu Mozambique podutsa ku Tete ndi mlandu, pa Mwanza kapena pa Dedza ndi mlandu, ndipo wodzera ku Lusaka ndi Chipata akumananso ndi mlandu womwewo asanafike kwawo.

Ife a ku Mchinji tiyenera kumvetsa zimenezi koposa ena onse, chifukwa kwa ife malire saoneka ngati malire. Seminale ya Kachebere idatsamira phiri la m'malire momwemo. Midzi ya kwa Mlonyeni, kwa Zulu ndi kwa Mkanda ili ndi ankhoswe, azilamu ndi manda kutsidya. Mu February timapita ku Mtenguleni kukaonera Nc'wala, mu August timakwera malole kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo chilankhulo chimene timagulira tomato ku Chipata ndi chomwechi. Mtima umati tili kwathu, ndipo suli kunama. Koma lamulo limati mwalowa m'dziko lina. Ku Zambia kuli bungwe lakelake losaka mankhwala ozunguza bongo, Drug Enforcement Commission, limene anthu amangoti DEC, ndipo ngakhale dzikolo nalo lidakhazikitsa mu 2021 malamulo olola chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kusuta ndi kupezeka nacho popanda chilolezo kudakali mlandu. Koposa apo, chamba chikaoloka malire, nkhani yake imalemera, pakuti wonyamulayo amayamba kuonedwa ngati wozembetsa. Chipata chatsopano cha Mwami, chimene atsogoleri a maiko awiriwa pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, adachitsegula mu December 2022, chidasonkhanitsa pamalo amodzi a msonkho, a zolowa ndi kutuluka, ndi apolisi a mbali zonse ziwiri, kotero kuti chikwama chimodzi chimadutsa pamaso pa maboma awiri. Ndipo wothawa chipata n'kudzera njira zamadulira, akagwidwa, wasenza milandu iwiri m'malo mwa umodzi. Mmalawi womangidwa ku Zambia adzaweruzidwa ndi malamulo a Zambia, nadzagwira ukaidi wake komweko. Chimene angapemphe, ndipo asaiwale kupempha, n'chakuti ofesi ya kazembe wa Malawi ku Lusaka idziwitsidwe.

Koma amene ndimawalirira kwambiri m'nkhani imeneyi si osuta ayi, koma otumidwa. Mayi wa geni wopita ku Chipata kukaoda zitenje, mnyamata wa kabaza wonyamula katundu kuchoka pa Boma kupita ku Mwami, kondakitala wa minibasi, mwana wa sukulu wobwera ku holide, onsewa amalandira timaphukusi tomangamanga kwa anthu owadziwa, ndi mawu akuti, "Mukangofika mumpatse uje, akudikirani pa depoti." Mwambo wathu umatiphunzitsa kuti kumasula phukusi la mwini ndi chipongwe, ndipo mwambowo ndi wabwino, koma pa chipata kapena pa rodibuloko, chimene chapezeka m'chikwama chanu chimayamba kuwerengedwa chanu, ndipo ngakhale lamulo limafuna kuti boma lionetse kuti mudadziwa chimene mudanyamula, mudzanena mawu akuti "sindidadziwe" muli kale m'chitokosi, wokutumaniyo atazimitsa foni yake. Chotero palibe chipongwe kunena mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, timasule limodzi ndione, pakuti kutsogoloku kuli apolisi". Wokana kumasula wakuuzani kale chimene chili m'katimo. Eni magalimoto adziwenso kuti makhoti m'dziko muno akhala akulanda galimoto zonyamula chamba kuti zikhale za boma.

M'nyumba namonso muli msampha wofanana. Pamene anyamata anayi akhala m'chipinda chimodzi cha lendi, kaliwo ndi kathumba ka masamba zili pawindo, onse akudziwa ndipo onse avomereza, lamulo likhoza kuwawerengera onsewo kuti apezeka nacho, ngakhale adagula ndi mmodzi. Ndipo wa kabaza wa njinga yamoto kapena dalaivala amene akoka nthunzi m'mawa, nati palibe amene amve fungo, akumbukire kuti malamulo a pamsewu amaletsa kuyendetsa munthu ataledzera ndi mankhwala monga momwe amaletsera ataledzera ndi kachasu, pakuti maso ochedwa kuona ndi dzanja lochedwa kugwira buleki sizisamala kuti kuledzerako kudalowa ndi utsi kapena ndi nthunzi.

Ndanena zambiri zoopsa. Tsono ndinene za ufulu, pakuti munthu wogwidwa ndi chamba sasanduka galu, ndipo malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene tidalandira mu 1994 titatuluka m'masiku a kumangidwa popanda mlandu, amamuteteza iye monga momwe amatetezera nduna. Apolisi akakuimikani kuti akusecheni, musalimbane nawo, musathawe, musatukwane, chifukwa kutero ndi kudzipalira mlandu wina pamwamba pa woyamba. Koma mukhoza kufunsa mwaulemu dzina la wapolisiyo ndi chiphaso chake ngati sadavale yunifomu, mukhoza kupempha kuti chikwama chitsegulidwe inu mukuona ndiponso pali mboni, ndi kuti zonse zimene atenga, foni, ndalama, kaliwo, zilembedwe. Mayi asechedwe ndi wapolisi wamkazi. Akakumangani, ayenera kukuuzani msanga chifukwa chake m'chilankhulo chimene mukumva, ndi kukuchenjezani kuti muli ndi ufulu wokhala chete, popeza chimene munganene chidzatulutsidwa m'khoti. Palibe wololedwa kukumenyani, kukuopsezani kapena kukumanani chakudya kuti muvomere. Ndipo chikalata cha mawu anu musachisainire kapena kudindapo chala musanachiwerenge, kapena asanakuwerengereni m'Chichewa, pakuti anthu ambiri adzimanga okha ndi chala chawo pa mawu amene sadanene.

Muli ndi ufulu wodziwitsa mkazi kapena mwamuna wanu, m'bale wanu, mbusa kapena shehe wanu, ndi woonana ndi dokotala. Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga otalikitsa moyo, a shuga kapena a khunyu, anene msanga, asachite manyazi, pakuti mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Pasanathe maola 48 muyenera kuonekera pamaso pa khoti kuti muuzidwe mlandu wanu, kapena mumasulidwe. Maolawo akathera usiku, Loweruka, Lamulungu kapena pa holide, ndiye tsiku loyamba limene khoti likhala. Belo ndi ufulu wanu pokhapokha khoti litaona kuti chilungamo chisokonekera mukatuluka, ndipo apa a m'malire timavutika koposa, chifukwa woimira boma amafulumira kunena kuti womangidwayo athawira ku Zambia. Chotero abale abwere ndi anthu okhazikika, odziwika kwa mfumu, okhala ndi chiphaso cha unzika, amene angaimirire kunena kuti munthuyu ali ndi munda, banja ndi khomo lake pano. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Khoti likalamula ndalama ya chikole, ilipidwe ku ofesi ya khoti, ndipo mulandire lisiti la boma.

Pano pali yesero limene mabanja ambiri amagwa nalo, ndipo ndilinena mosabisa. Mwana akagona m'chitokosi usiku woyamba, mayi ake sagona, ndipo kukacha pamapezeka munthu wonong'ona kuti nkhaniyi ikhoza kuthera pomwepa mukagulitsa mbuzi ziwiri. Ndikumvetsa chisoni chimene chimagulitsa mbuzizo. Koma wopereka chiphuphu ndi wolandira onse apalamula, ndipo banja limene lagula ufulu wa mwana kamodzi lidzaugulanso kawiri ndi katatu, popeza wolandirayo wadziwa khomo pamene pali mbuzi. Wokupemphani chiphuphu mukamunenere kwa mkulu wa polisiyo kapena ku Anti-Corruption Bureau. Wokumenyani kapena kukusungani kupitirira nthawi mukamudandaulire ku Independent Complaints Commission, bungwe loima palokha lolandira madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, mutatenga kalata ya kuchipatala yoonetsa mabala anu.

M'khoti la majisitireti, munthu ndi wosalakwa kufikira boma litaonetsa umboni wokwanira. Wosauka amene sangathe kulemba loya apemphe thandizo ku Legal Aid Bureau, limene ndi bungwe la boma loimirira anthu otere, ndipo afunsenso za alangizi a zamalamulo amene amayendera zitokosi ndi ndende. Akakuwerengerani mlandu, mverani mawu onse, ndipo pamene simudamve nenani kuti abwereze. Ngati mudachitadi, kuvomera msanga ndi kupepesa kumapeputsa chilango, makamaka kwa wopalamula koyamba wopezeka ndi kochepa, pakuti makhoti amayang'ana kuchuluka kwa chamba, msinkhu wa munthu ndi mbiri yake. Koma ngati simudachite, musavomere chifukwa chotopa ndi chitokosi kapena chifukwa wina wakulonjezani kuti mukavomera mutuluka lero. Chilango chikakula mopitirira muyeso, njira ya apilo ku Khoti Lalikulu ilipo, ndipo si yongolembedwa pa pepala: mu 2022 dziko lonse lidalankhula za mnyamata wina wa ku Blantyre amene adagamulidwa zaka 8 chifukwa cha chamba, Khoti Lalikulu litaunikanso n'kuchepetsa kufika zaka 3. Koma ngakhale wotuluka ndi chindapusa chokha adziwe kuti dzina lake latsala m'mabuku, ndipo lidzamutsata tsiku limene adzafune kalata ya kupolisi yofunsira ntchito kapena ulendo wa kunja. Akulu adati mlandu suwola.

Mwana wosafika zaka 18 ali ndi chitetezo chapadera pansi pa lamulo la ana la 2010: makolo ake adziwitsidwe msanga, asatsekeredwe pamodzi ndi akuluakulu, nkhani yake ipite ku bwalo la ana pamaso pa wa zachisamaliro cha anthu, ndipo pa milandu yaing'ono pali njira yomubweza ku uphungu ndi kusukulu m'malo momutumiza kundende. Kholo lipite ndi chiphaso chobadwira, buku la kusikelo kapena kalata ya kusukulu, chifukwa ana a kumudzi okula msanga ndi khasu amalembedwa zaka zimene sadafike.

Kwa inu mafumu, eni nthaka, ndi inu nyakwawa ndi a chitetezo cha m'mudzi, ndigwada ndi kuomba m'manja ndisananene. Udindo wanu wolangiza, wodzudzula ndi woyanjanitsa mabanja palibe angaulande. Koma mlandu wa chamba si wa pabwalo la mfumu, ndipo nkhuku kapena mbuzi yolipidwa pansi pa mtengo wa kachere siufafaniza m'mabuku a boma. Achitetezo akagwira munthu, ntchito yawo ndi kumupereka kupolisi msanga ali wamoyo ndi wathunthu. Kumumenya, kumutenthera nyumba kapena kumulanda njinga ndi milandu imene idzagwera omenyawo.

Otsala ndi magulu awiri amene amanena zifukwa zolemera kuposa chisangalalo. A chipembedzo cha Rasta amati chamba ndi chopatulika kwa iwo, ndipo akhala akupempha boma kwa zaka zambiri kuti liwalole. Mu 2023 Khoti Lalikulu ku Zomba lidawapatsa chilungamo pa nkhani ya ana awo a tsitsi lopotana amene ankabwezedwa m'sukulu za boma, koma chigamulocho chidali cha tsitsi ndi maphunziro, sichidakhudze kusuta. Odwala nawo, a mphumu, a nyamakazi, a khansa, amamva kuti kunja madokotala amalembera ena chamba chokokera m'kaliwo wa nthunzi, ndipo n'zoona kuti m'maiko ena zimachitika. Koma kumeneko ndi mankhwala oyezedwa mphamvu, olembedwa ndi dokotala, ogulidwa pamalo ovomerezeka, osati masamba a m'chikwatu cha nthochi ogulidwa kuseri kwa msika. Wodwala apite kuchipatala akanene ululu wake wonse, pakuti matenda okha, popanda chilolezo, samuchotsera munthu mlandu. Ndiponso ngakhale nthunzi ichepetsa phula lolowa m'mapapo, siichepetsa mphamvu imene imagwira bongo, umene mwa wachinyamata umakhala ukukulabe kufikira zaka za m'ma 25. Ndipo mwa ena, makamaka oyamba ali aang'ono ndi a m'mabanja mmene muli kale matenda a maganizo, chamba chimadzutsa misala imene imathera ku chipatala cha ku Zomba. Amene chamugwira kotero kuti sangagone kapena kudya popanda icho asatayidwe, ndipo asamangidwe ndi zingwe pamtengo. Ayambire pa chipatala chachikulu cha pa Boma, pamene angatumizidwe kwa a zamaganizo, kapena apite ku St John of God ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, kumene amathandiza ofuna kusiya.

Mwana wa mlongo wanga uja adabwerera ku Johannesburg mu January, chimanga chili m'mawondo. Usiku woti anyamuka mawa ndidamuitana m'nyumba, mayi ake ali pomwepo, ndipo ndidati, "Mphwanga, zimene uchita m'chipinda chako kumeneko zili pansi pa malamulo a eni dzikolo ndi pansi pa chikumbumtima chako, ndipo maganizo anga pa izo wawamva, koma pakati pa khomo lino ndi khomo lakolo pali maiko atatu, ndipo sindifuna kuti mlongo wangayu adzayende ndi kambale ka nsima ku ndende ya Maula kapena ya ku Tete." Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adatulutsa kaliwo uja nampereka m'manja mwanga ndi manja awiri. Tidayatsa nyali, tidakhuthula chikwama chake pamphasa, ndipo tidasecha thumba ndi thumba, jekete ndi jekete, kufikira tidapeza njere ziwiri zimene zidabisala mumsoko wa thumba la m'kati, zimene iye mwini sadadziwe kuti zilimo. Mayi ake adazitola, nakaziponya pamoto.